Maina, Manambala ndi Ubale mu Mzinda wa Lilongwe

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pa University of Chicago ku America, Mark Hanna Watkins, wofufuza za chikhalidwe cha anthu, ankakhala pansi ndi wophunzira wina wochokera ku Kasungu namfunsa mau a kwao. Wophunzirayo anali Hastings Kamuzu Banda, ndipo chipatso cha kucheza kwaoko chinali buku la malamulo a Chicheŵa limene linasindikizidwa m'chaka cha 1937. Watkins anaphunzira kwa Edward Sapir, katswiri amene ankaphunzitsa kuti chinenero chimazoloŵeretsa eni ake kuona dziko mwa njira yakeyake. Akatswiri a masiku ano sanena kuti chinenero chimamanga maganizo m'goli, komabe ambiri amavomera kuti chimalozera mtima zimene uyenera kusamala.

Mbiri ya mzinda wathu imatithandiza kuyesa chiphunzitso chimenechi. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party, umene unachitikira kuno ku Lilongwe, unagamula kuti Chicheŵa chikhale chinenero cha fuko pambali pa Chingerezi. Chaka chomwecho boma la Dr Banda linakhazikitsa bungwe lomanga likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno. Chodabwitsa n'chakuti mzinda womangidwa pakati pa Acheŵa unagaŵidwa ndi manambala a Chingerezi. Malo a boma lakale, amene makolo ankati Bwaila, anasanduka Old Town, ndipo kumpoto kwake kunamera City Centre, Area 10, Area 12 ndi Area 43.

Dzina limasunga mbiri, pamene nambala imangoloza malo. Nchifukwa chake kumene anthu akhala mothithikana maina sanafe: timati Kawale, Mchesi, Chilinde. Kumene kuli nyumba zotalikirana ndi mipanda yaitali, nambala ndiyo yapambana, ndipo m'nyumba zina Chingerezi chaloŵa mpaka pa mphasa yodyera.

Tsono tiganizire mau a ubale. Kwa ife mng'ono wa bambo ndi bambo aang'ono, mkulu wa mai ndi mai aakulu, ndipo mlongo wa mai ndi atsibweni, mwini mbumba. Dzina lililonse lili ndi udindo wake: amene timamutcha bambo sangayang'ane kumbali mwana akasiyidwa wamasiye, ndipo popanda atsibweni nkhani ya ukwati siyenda. Chingerezi chimawunjika bambo aang'ono ndi atsibweni pa liu limodzi lakuti "uncle", limene silinena kuti wina ndi wa kuchimuna, wina wa kuchikazi. Mwana wodziŵa liu lokhalo adzavutika kudziŵa khomo loti agogode pa tsiku la maliro, ndiponso amene iye mwini ayenera kumutsekulira.

Sitinena kuti ana athu aleke Chingerezi, pakuti nchofunika ku sukulu ndi ku ntchito. Koma alendo akafika kuchokera kumudzi, tiyeni titchule aliyense ndi dzina lake la ubale ana akumva, ndi kufotokoza chifukwa chake amatchedwa choncho.