Ukaristiya wa Lamulungu ku Kasisi: Njala, Mtunda ndi Chiyankhulo

M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kulandira Ukaristiya Lamulungu lililonse, komwe Akatolika a m'boma la Chongwe amakuona ngati mwambo wamakolo, kudakhazikika mochedwa ndiponso movutikira. Tatenga chitsanzo cha mishoni ya Kasisi, yomwe idayambidwa ndi Bambo Jules Torrend wa chipani cha Ajezuwiti m'chaka cha 1905 pakati pa Asoli.

M'chaka chomwecho, pa 20 Disembala, Papa Pius X adalamula kuti akhristu azilandira kawirikawiri, ngakhale tsiku ndi tsiku, ndipo mu 1910 adalola ana a zaka pafupifupi 7 kuyamba kulandira. Koma lamulo lolembedwa ku Roma silidafupikitse njira za kumidzi. Wofuna kulandira amayenera kusala chakudya ndi madzi omwe kuyambira pakati pa usiku. Tiganizire mayi wa khanda kumsana, woyenda mtunda wautali m'dzuwa la Okutobala, kukhosi kuli gwa, kuti akapeze Misa. Lamuloli lidafewa pang'onopang'ono: mu 1953 madzi adaloledwa, mu 1957 kusala kudakhala kwa maora atatu, ndipo mu 1964 kudatsikira pa ora limodzi. Tiganiza kuti kwa munthu wa kumudzi kusinthaku kudali kwakukulu kuposa maulaliki ambiri.

Chomwe chikutikhudza kwambiri ife ophunzitsa ziyankhulo ndi mawu ake. Torrend adali katswiri wa ziyankhulo za Bantu, yemwe adasindikiza buku lofananitsa malamulo ake mu 1891, komabe paguwa amayenera kuyankhula Chilatini chokhachokha. Zidali chimodzimodzi kwa Bambo Adam Kozłowiecki wa ku Poland, yemwe atapulumuka kundende ya Dachau adafika ku Kasisi mu 1946, nadzakhala arkiepiskopi wa Lusaka mu 1959. Mkhristu amagwada, natulutsa lilime, nalandira osanena kanthu. Msonkhano wachiwiri wa Vatican udatsegula khomo la ziyankhulo za anthu pa 4 Disembala 1963, ndipo kuyambira 1964 wolandira adapatsidwa mawu akeake oyankha: "Amen".

Tsono chiyankhulo cha anthu chidali chiti? Chomwe chidakula m'mabuku a mapemphero ndi nyimbo m'dera la Lusaka ndi Chinyanja, chomwenso boma lidachisankha kuti chiziphunzitsidwa m'sukulu za chigawochi. Msoli adachoka ku chiyankhulo chomwe samachimva nkomwe kupita ku china chomwe amachimva koma sadayamwire. Kumeneku kudali kupita patsogolo ndithu, koma sitinganene kuti ulendo udathera pomwepo.

Ngakhale m'Chinyanjamo mawu sadagwirizane. Mipingo yochokera ku mishoni za Dutch Reformed ndi za ku Scotland imati Mgonero wa Ambuye, kuchokera ku mneni "kugona", ndiye kuti chakudya chamadzulo, chingakhale chimadyedwa dzuwa lili pamutu. Akatolika adabwereka Ukaristiya ku Chigiriki, mawu otanthauza kuyamika, ndipo m'kuyankhula kwa masiku onse amangoti "kulandira", osatchula cholandiridwacho. Munthu akati "salandira", aliyense amamva kuti pali mlandu, kawirikawiri wa ukwati wosadalitsidwa kapena wa mitala. Nawonso "mkate" udasintha tanthauzo: kumudzi udali wa ufa wa chimanga ndi nthochi, wophikidwa m'masamba, pomwe lamulo 924 la Mpingo, la mu 1983, limafuna wa tirigu basi.

Vuto la mtunda silidatheretu. Kuyambira 1973 Roma adalola akhristu eni ake osankhidwa kugawa Ukaristiya, ndipo m'zaka zomwezo maepiskopi a AMECEA adalimbikitsa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu. Komabe m'matchalitchi a kunthambi, wansembe akalephera kufika, mapemphero amatsogoleredwa ndi katekisiti, ndipo komwe kulibe tabernakulo anthu amamva Mawu, nkuimba, nkubwerera kwawo osalandira.