Chule Adadabwa M'madzi Muli Mwake

Ndili mwana ndinkakonda kutapa ambululu padambo ndi kachitini, n'kumawaonerera mpaka atamera miyendo. Sindinkadziwa kuti achule a mtundu wina a kum'mwera kuno kwa Africa, otchedwa Xenopus laevis, ndiwo adathandiza kuthetsa mkangano waukulu wokhudza thupi la munthu.

Mkanganowo udali wotere. Munthu aliyense amayamba ngati selo imodzi, dzira la mayi likakumana ndi mbewu ya bambo. Seloyo imagawikana kukhala ziwiri, ziwirizo kukhala zinayi, mpaka thupi lonse litaumbika ndi maselo a mitundu yoposa 200: a khungu, a magazi, a mafupa, a ubongo ndi ena. Walther Flemming wa ku Germany adafotokoza bwino kagawikanidweka mu 1882. Koma funso lidatsala: ngati onsewa kholo lawo n'limodzi, amasiyana bwanji?

August Weismann adaganiza kuti selo ikamasankha ntchito, imataya malangizo a ntchito zina zonse, kotero kuti selo ya khungu siyingakumbukenso kapangidwe ka mtima. Mu 1952, Robert Briggs ndi Thomas King a ku Philadelphia adayesa kuchotsa phata la selo, momwe mumakhala majini, n'kuliika m'dzira la chule. Adaona kuti phata lochokera m'selo yokhwimirapo silinkabala bwino, ndipo ambiri adati nkhani yatha.

Apa m'pamene adatulukira John Gurdon wa ku Oxford. Iye adapha phata la dzira la Xenopus ndi kuwala kwa ultraviolet, ndipo m'malo mwake adaikamo phata lotengedwa m'matumbo a mbululu. Mazira ambiri adafa, koma mwa 726 okwana 10 adasanduka ambululu osambira ndi kudya. Zotsatirazi adazilengeza mu 1962. Tanthauzo lake lidali loti selo ya m'matumbo idali isadataye kanthu. Malangizo onse adali momwemo, kungoti ena adatsekeredwa. Ambiri adakayika kwa zaka, mpaka mu 1996 pamene nkhosa yotchedwa Dolly idabadwa ku Scotland kuchokera ku selo ya bere la nkhosa yaikulu.

Chaka chomwecho cha 1962, ku Japan kudabadwa Shinya Yamanaka. Mu 2006, ali ku Kyoto, adasefa majini 24 mpaka kutsala ndi 4 okha omwe ankabweza selo yokhwima ya mbewa kuti ikhale ngati ya mluza, yotha kusanduka selo ya mtundu uliwonse. Mu 2007 adachita chimodzimodzi ndi maselo a khungu la munthu. Izi zidachepetsako mtsutso womwe udalipo, chifukwa kuyambira mu 1998 maselo otere ankatengedwa m'miluza ya anthu, zomwe ambiri sankagwirizana nazo. Mu 2012 Gurdon ndi Yamanaka adagawana mphoto ya Nobel, ndipo mu 2014 mayi wina wa ku Japan wodwala maso adaikidwa maselo a m'diso opangidwa kuchokera ku khungu lake lomwe.

Tsono chomwe chimandisowetsa tulo ine, yemwe ndagwira choko zaka zambiri, ndi ichi. Gurdon ali ndi zaka 15 pasukulu ya Eton adakhala wotsiriza pa anyamata 250 m'phunziro la biology. Mphunzitsi wake adalemba kuti kulakalaka kwake kukhala wasayansi kudali kopanda nzeru ndiponso kutaya nthawi. Gurdon adasunga kapepalako, n'kukaika mufelemu mu ofesi yake.

Inenso ndidalembapo mawu otere. Padali mnyamata wina wosamva m'kalasi, wokonda kuphwasula mawailesi, yemwe ndidamulembera pa lipoti kuti sukulu si mbali yake. Bambo ake ataona, adamuletsa kubweranso teremu yotsatira. Ndidali ndi chikhulupiriro chonse kuti ndikumudziwa mwanayo, monga momwe akatswiri aja adakhulupirira kuti akuidziwa selo. Chule adadabwa m'madzi muli mwake, ndipo ine ndidadabwa mochedwa m'ntchito yanga yomwe.

Selo ya m'matumbo idapeza Gurdon woipatsa mpata wachiwiri. Mnyamata uja ndidamufunafuna nditapuma pantchito, koma adandiuza kuti banja lawo lidasamuka kalekale.