Makiyi a SSH: komwe amabisala ndi kasamutsidwe kake

SSH ndi njira yolowera mu kompyuta yakutali kudzera pa netiweki popanda wina kuwerenga zomwe zikudutsa. Anaiyambitsa ndi Tatu Ylönen mu 1995 ku Helsinki University of Technology, m'dziko la Finland, mbava zitaba mapasiwedi pa netiweki ya sukuluyo. Masiku ano pulogalamu yofala kwambiri ndi OpenSSH, yomwe akatswiri a OpenBSD anatulutsa mu 1999.

Ambiri amalowa pa seva ndi makiyi awiri opangidwira limodzi. Kiyi yapoyera imaperekedwa kwa seva, yomwe imaisunga mu fayilo ya authorized_keys. Kiyi yachinsinsi imatsala pa kompyuta ya mwiniwake. N'chifukwa chake laputopu yatsopano imakanidwa pakhomo, ngakhale mwiniwakeyo ndi yemwe uja.

Makiyiwa amakhala mu foda ya .ssh, mkati mwa foda yaikulu ya mwini kompyuta. Pa Linux ndi macOS, dzina loyamba ndi kadontho limabisa foda, choncho imaoneka munthu akalemba ls -a. Pa Windows imapezeka pansi pa C:\Users, m'foda ya dzina la mwiniwake. Fayilo ngati id_ed25519 kapena id_rsa ndiyo kiyi yachinsinsi, pomwe inzake yothera ndi .pub ndiyo yapoyera. Palinso config, momwe muli mayina ndi maadiresi a maseva, komanso known_hosts, yomwe imakumbukira maseva omwe kompyutayo inalowapo kale.

Kukopera fodayi sikuvuta, koma pomwe ambiri amapunthwa ndi pa zilolezo. Fulashi ya FAT32 kapena exFAT sisunga zilolezo za mafayilo a Linux, motero kiyi imatha kufika pa laputopu yatsopano ili yoti aliyense angaiwerenge. OpenSSH ikaona choncho imachenjeza n'kuikana kiyiyo. Mankhwala ake ndi chmod 700 pa foda ndi chmod 600 pa kiyi yachinsinsi. Amene ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya PuTTY amakhala ndi makiyi othera ndi .ppk, ndipo amayenera kuwasintha kaye ndi PuTTYgen.

Ukalamba wa kiyi nawonso umavutitsa. Mu 2015 OpenSSH inasiya kulandira makiyi a DSA pokhapokha munthu atawalola yekha, ndipo kuyambira mu 2023 lamulo la ssh-keygen limapanga kiyi ya Ed25519 ngati munthu sanasankhe mtundu wina.

Akatswiri ambiri sasamutsa n'komwe kiyi yachinsinsi, poopa kuti itsalira pa fulashi kapena mu imelo. Amapanga kiyi yatsopano pa laputopu yatsopanoyo, amaitchinjiriza ndi mawu achinsinsi, kenako amaika kiyi yapoyera pa seva, kapena pa akaunti ya GitHub, akadali ndi laputopu yakale yowalowetsa. Yatsopanoyo ikayamba kugwira ntchito, amafufuta kiyi yakale mu authorized_keys laputopu yakaleyo isanagulitsidwe kapena kuperekedwa kwa wina.