Za Ana Ogontha a Kwathu

Abale, pokumbukira zaka za mpingo wathu tisaiwale ana ogontha, amene belu linkalira koma osawafika. Kale kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje mwana wotere ankamtuma kubusa anzake akunka kusukulu. Ankakula ndi zizindikiro zowerengeka za manja, zimene ankamvana ndi amake okha.

Maphunziro a ogontha m'dziko muno anayambika mu 1968 ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndi Abulazala ochokera ku Holland. Sukuluyo ndiyo Maryview. Ya ku Mua, yoyandikirako kwa ife, inatsegulidwa mu 1984. Masiku amenewo aphunzitsi ankalimbika kuti ana alankhule ndi kupenya milomo, manja osawawerengera kwenikweni. Buku lomasulira chinenero cha manja cha Malawi linadzatuluka mu 2021.

Tsono chondiwawa ine ndi zaka zija mwana asanaponde kusukulu, pakuti mawu amera mwana akali kumsana. Ndinalandirapo m'kalasi mnyamata wa zaka 9, wochenjera ndithu, wozindikira ng'ombe zonse za atate wake imodziimodzi, koma dzina lake lomwe sanali kulidziwa.