Kuyesa Galimoto za Mpikisano Nyengo Isanayambe

Makaniko wa ku Old Town mu Lilongwe akamanga injini, sapereka galimoto kwa mwini wake asanaiyendetse pa mseu wa ku City Centre, khutu lili tcheru. Nawo a mpikisano wa Formula One, wa galimoto za mpando umodzi, amatsata mwambo womwewo, koma kwa iwo moyo wa woyendetsa umakhala pa chiswe.

M'zaka za m'ma 1970, chisanu chikakula ku Ulaya, magulu ena ankapita ndi galimoto zawo zatsopano ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, kumene kunali dzuŵa. Bwaloli linatsegulidwa mu 1961. Kumeneko amisiri ankapima matayala pa phula lotentha, namvetsera injini zimene zinkachepa mphamvu chifukwa malowo ndi okwera.

Pa 22 Malichi 1974, Peter Revson wa ku America, amene anapambana mipikisano iŵiri mu 1973, ankayesa galimoto ya Shadow pa bwaloli. Chitsulo chogwira gudumu lakutsogolo chinathyoka, galimoto inawomba mpanda, iye nafa. Mu 1986 Elio de Angelis anamwaliranso atachita ngozi poyesa Brabham ku Paul Ricard, m'dziko la France, kumene opulumutsa anachedwa. Pambuyo pake bwalolo linafupikitsidwa.

Pofuna kuchepetsa ndalama zowonongedwa, akuluakulu a mpikisano anadula masiku oyesera. Kuyambira 2023 kufikira 2025 magulu ankapatsidwa masiku atatu okha ku Bahrain. Zotsala ankaziŵerengera pa kompyuta. Komabe chilema cha chitsulo chimaonekera pa mseu.