Njinga za alangizi: mbiri ya makina okhalira kukonzedwa

Sabata ino ndi gawo langa, ndipo ndabwera ndi mbiri ya chinthu chimene ambiri mumangochidutsa chitatsamira khoma kuseri kwa ofesi ya zaulimi, matayala ataphwa, thanki itachita dzimbiri. Ndikunena njinga zamoto zazitali zija, DT, XL ndi AG, zimene tinkangoti njinga za alangizi. Ine kwathu ndi ku Ruarwe, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, kumene kulibe msewu wa galimoto. Mwina mukuti mayi wa geni ya usipa, wa mudzi wopanda msewu, njinga yamoto akuitani? Dekhani, tifikako.

Tiyambire patali pang'ono. Kunyanja kuno makina akuluakulu akhala akubwera zidutswazidutswa kuyambira kale. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland anabwera ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaimasula yonse, anthu mazanamazana n'kuisenza mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. Mu Okutobala chaka chomwecho inalowa m'nyanja. Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, anaipanga ku Glasgow mu 1899, nayonso inabwera yomasula, n'kuyamba kuyandama mu 1901. Ilala imene timakwera lero anaipanga a kampani ya Yarrow, ku Scotland komweko, mu 1949. Zidutswa zake zinadzera ku Mozambique, sitima ya pamtunda n'kuzitula pa Chipoka, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Choncho sipanala ndi bawuti si zachilendo kwa ife. Chilichonse chachitsulo chimene chatithandiza kuno chinamangidwa ndi manja, ndipo chimakhalapo malinga ngati pali manja ochimanganso.

Tsono njinga zija zinachokera kuti? Mu 1968 kampani ya Yamaha ya ku Japan inatulutsa DT-1, njinga yopepuka yoti iziyenda pa tala komanso m'tchire. Inagulidwa kwambiri ku America, makampani ena n'kutsatira. Honda inatulutsa XL250 mu 1972, kenako kunabwera zing'onozing'ono za 125 zimene ife tinazidziwa. Mu 1973 Yamaha inapanganso AG100, poganizira alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand. Muyang'anitsitse AG mukaiona: tcheni chake n'chotsekeredwa m'bokosi kuti matope ndi mchenga zisalowe, ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo choimikira chili mbali zonse ziwiri kuti uimike ngakhale pamalo opendekeka. Mng'ono wake wamphamvu, AG200, anabwera m'zaka za m'ma 1980. Anapangira abusa a nkhosa akutali, koma ukaiona ungati ankaganiza za mapiri athu.

Kuno ku Malawi njinga zimenezi zinafala ndi ntchito za boma ndi za mabungwe. Dziko litagawidwa m'zigawo za chitukuko cha ulimi, zija amati ma ADD, ife tinali pansi pa Mzuzu ADD, ndipo akuluakulu a zaulimi, a zoweta ndi a zausodzi ankafika m'madera pa njinga zoterezi. Pambuyo pake alangizi a masukulu a pulayimale, ma PEA aja, nawonso anazilandira, chimodzimodzi oyang'anira zaumoyo, abusa ndi ansembe. Achikulire athu amati kale ukamva mthuthuthu ukutsika phiri kulowera ku Usisya unkadziwa kuti kwabwera boma kapena mpingo. Munthu wamba kukhala nayo yake zinali zosowa. Ikatha ntchito inkagulitsidwa pa okushoni, kapena kungosiyidwa kuseri kwa ofesi kudikira tsiku limene palibe ankalidziwa.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 2010, pamene njinga zotsika mtengo za ku China zinayamba kulowa mwaunyinji kudzera ku Tanzania ndi ku Mozambique, akabaza ambiri n'kusiya zopalasa. Lifo, SanLG, King Lion, mayina amenewa ndi mwana yemwe akuwadziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti injini zambiri za njingazi zinatengera Honda CG125, imene inatuluka pakati pa zaka za m'ma 1970. Honda inaipanga dala kuti izipirira m'mayiko amene eni njinga sasintha oyilo panthawi yake. Ndiye kabaza amene mwakwera m'mawa uno, mkati mwake muli nzeru ya zaka pafupifupi 50 zapitazo. Njingazi zatithandiza, tisaname. Zafikitsa amayi oyembekezera kuchipatala, zapatsa anyamata ntchito. Koma n'zapansi, zinapangidwira misewu yosalala.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife a geni. Usipa wathu kuti upeze mtengo wabwino uyenera kufika ku Mzuzu. Njira ndi ziwiri: kudikira Ilala kapena boti mpaka pa Nkhata Bay, apo ayi boti mpaka ku Usisya, kenako msewu wadothi wokwera mapiri. Nyengo ya mvula msewu umenewo umaterera ngati therere, galimoto zimatha kusowa masiku angapo, usipa uli m'matumba kuyamba nkhungu. Njinga yapansi imagunda mimba pamiyala n'kudzaza matope pa madigadi. DT ili ndi tayala lakutsogolo la mainchesi 21 pamene za kabaza zimakhala 17 kapena 18, madigadi ake ali m'mwamba, mashokapu ndi aatali. N'chifukwa chake ife amayi a banki m'khonde yathu takhala tikukambirana zogula AG kapena DT yakale, kuikonza, n'kuiika ku Usisya kuti mnyamata mmodzi wodalirika azitinyamulira katundu. Yatsopano sitingaifikire. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinathawa m'manja mwa munthu wamba.

Koma walira mvula walira matope. Mbiri ya sitima ziwiri zija ili ndi phunziro kwa aliyense wofuna kudzutsa chitsulo chakale. Ilala yadutsa zaka 70 ikuyenda chifukwa imalowa pa doko la Monkey Bay kukakonzedwa, injini zake zinasinthidwapo, ndipo ikatuluka imakapeza anthu ndi katundu akuidikira. Chauncy Maples nayo anthu akufuna kwabwino anayamba kuikonzanso kuti ikhale chipatala choyandama, ndalama zinasonkhedwa ku Britain, koma chipatala chimenecho sitinachione chikukocheza pagombe lathu. Kumasula n'kosavuta, abale. Chovuta ndi kumaliza. Njinga zingati zimene mukuzidziwa zinamasulidwa ndi chimwemwe, lero injini ili m'beseni pansi pa bedi, felemu akuyanikapo zovala?

Phunziro lina likuchokera ku bungwe la Riders for Health, limene linayambitsidwa ndi Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mipikisano ya njinga, Randy Mamola. Iwo ataona njinga za zaumoyo zitangofa m'mayiko a mu Africa zikadali zatsopano, anazindikira kuti vuto linali kusowa chisamaliro cha tsiku ndi tsiku. Anayamba kuphunzitsa okwera kuona oyilo, tcheni, mabuleki ndi matayala m'mawa uliwonse asanalize injini, ndi kusintha sipeya isanathyoke. Kuno ku Malawi okwera awo amanyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono kupita nazo ku malabotale.

Ndiye amene mukuganiza zogula, safunsa anadya phula. Choyamba ndi mapepala. Nambala ya injini ndi ya felemu zifanane ndi zimene zili mu blue book, ndipo mukasinthe umwini ku Road Traffic, chifukwa njinga zakuba n'zambiri ndipo apolisi safunsa kuti munagula ndi mtima wabwino. Ngati inali ya boma kapena ya bungwe, pakhale kalata yosonyeza kuti inagulitsidwa mwalamulo. Chachiwiri, dziwani mtundu wa injini. DT ndi AG100 zimawotcha petulo pamodzi ndi oyilo wa 2T, ndiye kautsi ndi khalidwe lake, koma oyiloyo akatha injini imagwira nthawi yomweyo. XL ndi AG200 zikamafuka utsi wabuluu ndiye kuti maring'i kapena mavavu atha. Pitani ndi makaniki wanu, osati wa wogulitsa. Aiponde kiki ili yozizira, ayang'ane ming'alu pa felemu, aone ngati mafoloko akudontha. Chachitatu, musanapereke khobidi, funsani mtengo wa pisitoni, maring'i, mapuleti a kilatchi, tcheni ndi masipuroketi, kaya ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Ndirande, muwonkhetse ndi mtengo wa njingayo. Imeneyo ndiye mtengo wake weniweni. Ndalama yokonzera ikhale pambali tsiku logula lisanafike.

Ife sitinagulebe. Tagwirizana kuti tiyambe tapeza makaniki wa ku Usisya woidziwa AG mkati ndi kunja, ndipo thumba la sipeya liyambe ladzaza, njinga ibwere pambuyo. Inu a ku Nsanje, ku Ntchisi, ku Chitipa, njinga za alangizi za kwanuko zinathera kuti? Ngati ilipo imene inadzuka n'kugwiranso ntchito, tiuzeni amene anaidzutsa anayambira pati.