Mphunzitsi wa pa kanema ndi munthu woimitsa kaseti

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ambiri tinaona ngati kuphunzitsa munthu amene ali kutali ndi chinthu chachilendo. TVM inkaonetsa maphunziro, ndipo m'mayunivesite aphunzitsi ankalankhula pa Zoom, ophunzira ena ali pachulu kusaka netiweki, ena mamega atawathera phunziro lili pakati. Koma ntchitoyi inayamba kale intaneti kulibe.

Ku Portugal, Telescola inayamba mu 1965. Aphunzitsi ankaima kutsogolo kwa kamera ya RTP, ana a m'midzi yakutali n'kumaonera nthawi yomweyo. Anawa anali atamaliza kalasi yachinayi koma alibe sukulu yapafupi yopitirizira. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti sankasiyidwa okha ndi kanemayo. M'chipinda chilichonse munali munthu wotchedwa monitor, amene ankawakonzekeretsa phunziro lisanayambe ndi kuwathandiza ntchito likatha.

Nkhani imene ine imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku yunivesite ya Stanford, ku California. Kuyambira mu 1969 yunivesiteyi inkaulutsa maphunziro a uinjiniya kupita ku makampani oyandikana nayo. Mainjiniya ankaonera ali kuntchito, ndipo ankatha kufunsa funso mawu awo n'kumveka m'kalasi momwemo. Vuto linabuka ndi antchito a kampani ya Hewlett-Packard a ku Santa Rosa, chifukwa kumeneko mafunde a kanemayo sankafika. Pulofesa James Gibbons anaganiza zongowatumizira makaseti, koma anaikapo lamulo: azionera m'kagulu kakang'ono, pamodzi ndi injiniya mnzawo wodziwako pang'ono kuposa iwo. Ntchito ya mnzawoyo sinali kuphunzitsa. Inali kuimitsa kaseti pakapita mphindi zingapo, kapena wina akaoneka kuti wasokonezeka, kuti akambirane mpaka amve.

Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 1977. Anthu a makaseti aja anakhoza bwino kuposa amene ankaonera pompopompo pa kanema, ndiponso kuposa amene anakhala m'kalasi maso ndi maso ndi pulofesa. Njira imene inkaoneka ngati yongopeputsira anthu otsalira ndiyo inapambana. Ena anganene kuti awa anali akuluakulu apantchito, okhwima kale maganizo, ndipo n'zoona. Komabe oonera pompopompo aja nawonso anali apantchito.

Intaneti inabwera pambuyo. Mu 1992 mawu a msonkhano wa akatswiri ku San Diego anamveka m'maiko ena kudzera pa makompyuta, msonkhanowo uli mkati. Ku Africa kuno, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayambitsa African Virtual University mu 1997. Aphunzitsi a ku America ndi ku Ulaya ankalankhula kudzera pa setilaiti, ophunzira a m'mayunivesite a kuno n'kumatumiza mafunso pa lamya kapena pa imelo. Setilaiti inali yodula, ndipo phunziro lokonzedwera mwana wa kwina silinkagwirizana nthawi zonse ndi zimene wa kuno akudziwa. Patapita zaka bungweli linakhazikika ku Nairobi n'kuyamba kukonza maphunziro pamodzi ndi mayunivesite a mu Africa momwemo.

Nanga ife, aphunzitsi anzanga a zilankhulo ziwiri, zikutikhudza pati? Mainjiniya a ku Santa Rosa ankamva Chingelezi cha pulofesa wawo bwinobwino, koma ankafunabe womuimitsa. Mwana wa ku Angónia kapena ku Macanga amene akumva phunziro m'Chipwitikizi ali ndi mitolo iwiri pamutu, wa phunzirolo ndi wa chilankhulo. Mawu amodzi akamudutsa, mphunzitsi wa pa kanema saona nkhope yake, amangopitirira. Kuyambira nthawi ya PEBIMO, pamene Chinyanja chinayesedwa m'makalasi a ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, tadziwa kuti mwana amafunsa momasuka m'chilankhulo chimene anayamwira. Funso limenelo pamafunika wina pafupi woti alilandire.

N'chifukwa chake ndikamva kuti phunziro lakuti lionetsedwa pompopompo, sindithamangira kusangalala. Ndimayamba ndafunsa ngati lijambulidwa kuti titha kulibwereza, komanso kuti ndani adzakhale ndi ana pamene likuonetsedwa. Phunziro la pompopompo lili ndi ubwino wake, makamaka ngati wofunsa angayankhidwe nthawi yomweyo, koma silidikira munthu, ndipo magetsi akazima lapita.

Telescola ya ku Portugal nayonso inasintha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inasiya kuulutsa pa kanema n'kuyamba kutumiza makaseti m'masukulu, ndipo batani loimitsira linakhala m'manja mwa monitor uja.